Nkhanu ndi Muyezo wa Phazi la Njovu

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ndi inu omwe mwakhala kumbuyoko mukutafuna nzimbe.

Kalekale, nkhanu zikadayenda cholunjika ngati anthu, kudali midzi iwiri ya nyama. Wina udali kuphiri, kwa eni matupi aakulu. Wina udali kudambo, kwa timitundu tija munthu ukhoza kuponda osadziwa kuti wapha mfumu ndi nduna zake zomwe.

Kuphiri kuja a Njovu adayamba geni ya makala. Ankazula mitengo m'mawa, kuunjika masana, kuotcha madzulo, ndipo anzawo onse adatengera. Adalemera mpaka ana awo ankakana mkute. Koma utsi unkakwera tsiku ndi tsiku, mpaka mtambo udatsamwa. Mukudziwa mmene umachitira mtambo ukatsamwa? Umagwira pachifuwa miyezi yambiri osagwetsa ngakhale dontho, kenako umatsokomola kamodzi. Udatsokomoladi. Mvula ya dzinja lonse idagwa tsiku limodzi, ndipo poti kuphiri kudalibenso mitengo yogwira madzi miyendo, onse adathamangira kudambo.

Pamene ankaphwa, kudambo kudalibe nyumba, kudalibe nkhokwe, kudalibe ngakhale njere imodzi ya mapira a mbewu.

M'mudzi umenewo mudali Nkhanu, mayi wa ana khumi ndi mmodzi, amene pakamwa pake sipankafuna kunola. Iyeyu adagwira matope amene madzi adasiya, nawanunkhiza.

“Abale anga, musalire tsiku lonse,” adatero. “Matope awa ndi onona. Tikabzala asadang'aluke, tikolola ngakhale mvula isabwerenso. Koma akang'aluka, chinyezi chathawa, ndiye tizidzadya nthano.”

“Tibzala chiyani, mayi a gulu?” adafunsa Nkhululu, woimba wa m'mudzimo. “Mwendo wangawu?”

Tsiku lomwelo kudamveka uthenga. Akuluakulu a kuphiri adachita msonkhano wa masiku atatu, nadya bwino, namva chisoni. A Njovu adalira mpaka chitamba chidatupa. Adamanga nkhokwe yaikulu, naitcha Nkhokwe ya Chipukutamisozi. A Njovu adakhala wapampando. A Nyamalikiti, chifukwa cha khosi lawo lalitali loona patali, adakhala woyeza zowonongeka. A Mvuu adakhala msungi, poti akagona pakhomo palibe wodutsa.

Nkhanu adayenda kwa aliyense kufunsa chimene wataya. Kudambo kudalibe wodziwa kulemba, choncho Nkhululu adaziika zonse m'nyimbo. Nyimboyo inkayamba pansipansi ngati munthu akusesa pabwalo la maliro. Inkatchula mwini, kenako chimene madzi adamulanda, mphika, khasu, mapira, mphasa ya ukwati. Ikatha kutchula mmodzi, onse ankavomera ndi mzere umodzi wokha, wofunsa kuti wasuta ndani ndipo akutsokomola ndani.

Adakwera phiri awiriwo, mpaka pamapazi a a Nyamalikiti.

“Odi kuno!” adaitana Nkhanu.

“Ndani? Mawu ndikumva koma munthu sindikumuona.”

“Pansi pano, madamu. Pafupi ndi chiboda chanu chakumanzere. Musasunthe, chonde.”

Nkhululu adaimba nyimbo yonse. A Nyamalikiti adagwedeza mutu kumwambako.

“Mawu abwino, mwana iwe. Koma kwanuko ndayeza kale. Ndidasolola khosi dzulo ndili pompano. Kuli bwino ndithu, kwasalala ngati pakhonde pozira.”

“Kwasalala chifukwa zonse zapita, madamu,” adatero Nkhanu.

“Chimene chapita sindingachione. Chimene sindinachione sindingachiyeze. Lamulo likuti chotayika chibwere pano tichione ndi maso.”

“Chikadakhala choti nkubwera nacho, chikadakhala chotayika?”

“Zimenezo kafunseni amene adapanga lamulo.”

“Adapanga ndani?”

“Ine. Koma lero sindikuyankha mafunso.”

Atatsika adapeza matope ayamba kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi.

M'mawa mwake Nkhanu adauza mudzi wonse kuti utole zotsala. Adatola mapale, mipini yothyoka, ulusi wa mphasa, nazikwezera kuphiri. Ulendo uno adapeza a Njovu eni ake atakhala pampando.

“Gogo, zotayika sitinazipeze,” adatero Nkhanu akuomba m'manja, “koma tabwera ndi ana ake.”

“Ana inu, mtima wanga wasweka,” adatero a Njovu. “Madzi amenewa ngoipa.”

“Ine ndidasambira bwino zedi,” adatero a Mvuu ali gone pakhomo pa nkhokwe. “Chaka chamawa abwerenso otero.”

A Njovu adaimirira, naponda pansi mwamphamvu, nachotsa mwendo. Padatsala dzenje.

“Muyezo wathu ndi umenewo. Chowonongeka chikadzaza phazi langa, ndiye kuti ndi tsoka lenileni. Chikapanda kudzaza, ndi zovuta za masiku onse, munthu amangopirira.”

Adakhuthulira zonse zija m'phazimo. Sizidakwirire ngakhale pansi pake.

“Gogo,” adatero Nkhululu, “phale ilo ndi la mphika umene amayi ankandiphikira. Ndidali nawo umodzi wokha.”

“Pepa, mwanawe. Koma taona wekha, nkakang'ono.”

Chisoni chidawagwira a Njovu mpaka adafuna fodya. Adapisa kuseri kwa khutu, natulutsa kansupa kakang'ono, kakuda ndi mafuta a zaka zambiri. Adakasisita, nakapsompsona.

“Aka adandisiyira malemu amalume, amene adandipatsa dzina,” adatero. “Fodya wa mwina monse sandikoma.”

Adanunkhiza pang'ono. Maso adafiira. Adayetsemula kamodzi, ndipo mapale onse, mipini yonse, ndi Nkhululu yemwe, adauluka kukagwera kutsidya.

Nkhanu sadauluke. Adali atagwira muzu, maso ake aatali aja ali pa kansupa.

Potsika, nyimbo idali itatalikirapo, poti Nkhululu adawonjezamo mapale amene adatayika kachiwiri. Kudambo mng'alu uja udali utakula. Mwendo wa Nkhululu udalowamo mpaka m'bondo.

Tsiku lachitatu Nkhanu adatenga mudzi wonse, ana ndi nkhalamba zomwe. Atafika sadapereke moni. Adangolowa m'phazi lija mmodzimmodzi, wina pamsana pa mnzake, mpaka lidadzaza ndi kusefukira.

“Ichi nchiyani?” adafunsa a Njovu.

“Chowonongeka, gogo. Ndi ife tomwe. Chabwera pano, chaoneka ndi maso, chadzaza phazi.”

A Njovu adayang'ana a Nyamalikiti. A Nyamalikiti adayang'ana kumwamba. Kumwamba kudalibe woyang'ana wina.

“Chabwino,” adatero a Njovu. “A Mvuu, tsegulani.”

A Mvuu adayasamula mpaka mbalame idalowa nkutuluka.

“Nditsegula, bwana wapampando. Koma ndithira pati? Lamulo likuti mapira athiridwe m'nkhokwe yolimba. Muli nayo nkhokwe, mayi?”

“Idapita ndi madzi.”

“Ehe. Nanga ndipereka m'manja mwa yani? Mfumu yanu ndani?”

Apa ndiye padavuta. Ufumu wa kudambo ankalimbirana Fuko ndi Chule, chaka chachitatu tsopano, ndipo ngakhale tsiku la madzi lija adakangana atagwira bango limodzi. Onse awiri adasolola mitu m'phazimo.

“Ine!”

“Wabodza iwe, ndine!”

“Mwaona?” adatero a Mvuu. “Kwanu nkosalimba. Mapira akalowa kumeneko atayika. Pitani mukagwirizane, mumange nkhokwe, muidzaze kuti tione ngati mumadziwa kusunga. Ikadzaza mubwere, tidzakuthandizani.”

Adatembenuka nagona.

Potsika palibe adaimba. Mwana wotsiriza wa Nkhanu adafunsa ngati mawa kuli phala, ndipo amake adamuuza kuti ayang'ane njira. Kudambo ming'alu idali itayamba kupatsana moni.

“Kwatsala masiku awiri,” adatero Nkhululu. “Tizipita kachinayi?”

“Ayi,” adatero Nkhanu. “Takwera mokwanira. Tsopano atsike ndi iwo.”

“Atsikira chiyani?”

“Kodi a Njovu akamasamba masana, kansupa kaja amakaika pati?”

Nkhululu adaseka mpaka adagwa chagada.

Masana a tsiku lotsatira a Njovu adatsikira kumtsinje monga mwa masiku onse. Adachotsa kansupa kuseri kwa khutu, nakakhazika pamwala, nalowa m'madzi akuimba mopanda mutu. Pansi pa mwala umenewo Nkhanu adali atakumba una usiku usadathe. Dzanja limodzi lidatuluka, kansupa kadatsetsereka, dzanja lidabwerera. Madzi adangoti khuvu, ngati nsomba yadumpha.

Kulira kwa a Njovu kudamveka midzi yonse iwiri. Adavundula mtsinje ndi chitamba. A Mvuu adamira natuluka ndi matope okhaokha, poti mutu wawo sukadalowa m'mauna. A Nyamalikiti adasolola khosi nanena kuti mtsinje uli bwino, wasalala.

“Itanani a kudambo!” adakuwa a Njovu. “Ndiwo amadziwa mauna ndi mapanga a pansi pa madzi!”

Adabwera onse. Nkhanu adafika pomalizira, akupukuta manja.

“Pepani, gogo. Tamva kuti madzi akulandani katundu. Madzi amenewa ngoipa.”

“Mirani msanga, ana anga!”

“Timira. Koma ifenso kudambo taphunzira za malamulo, sitimira chisawawa. Choyamba, chotayikacho chibwere pano tichione ndi maso.”

“Wapenga? Ndibwera nacho bwanji chinthu chotayika? Munthu akati wataya, umamva mawu ake!”

“Nkhululu, wamva? Ika m'nyimbo.”

Nkhululu adakwecha mwendo, ndipo mawu a a Njovu adalowa m'nyimbo momwe adawanenera, ndi kupsa mtima komwe. Gulu lonse lidavomera, ngakhale ana a kuphiri amene adabwera kudzaonerera.

“Chachiwiri,” adatero Nkhanu, “pondani apa.”

A Njovu adaponda.

“Kansupako kangadzaze phazi limeneli?”

“Kangadzaze bwanji? Nkakang'ono ngati dzira la njiwa.”

“Ndiye ndi zovuta za masiku onse, gogo. Munthu amangopirira. Tiyeni kwathu, anzanga.”

“Imani! Kukula kwake kuli ndi ntchito yanji? Ndidali nako kamodzi kokha! Chinthu umayeza ndi mtima wa mwini wake, osati ndi phazi la munthu wina!”

“Nkhululu.”

“Ndaika kale, mayi a gulu.”

A Nyamalikiti adatsokomola kumwambako. A Mvuu adayesa kumira kuti asaoneke, koma msana udatsalira kunja.

“Chachitatu nchaching'ono,” adatero Nkhanu. “Tikakapeza tikaika pati? Thumba mulibe. Kuseri kwa khutu nkosalimba, taonani mwataya kale kamodzi. Pitani mukasoke thumba, mulidzaze ndi tinsupa tina kuti tione ngati mumadziwa kusunga. Komanso tipereka kwa yani? Mkulu wa banja lanu ndani, amalume adamwalira?”

“Mundipatse ineyo! Mwini wake ndine, chitamba ndili nacho!”

Atangotero makutu adagwa. A Njovu sadali opusa ayi, kungoti adali asadamvepo malamulo awo ali chakumunsi kwake.

“A Mvuu,” adatero pang'onopang'ono, “katseguleni nkhokwe. Aliyense alandire m'manja mwake.”

Onse adakwera phiri, nyimbo ili patsogolo. A Mvuu adakankha chitseko monyinyirika. Mkatimo mudali madengu makumi atatu, okongola, oluka bwino. Nkhanu adavundukula loyamba. Mudalibe kanthu. Lachiwiri, mbee. Lachitatu mudatuluka kangaude, napepesa. Pakona pokha ndi pamene padali ngala zisanu za mapira, ndipo ziwiri zidali zolumidwa ndi mano aakulu.

“A msungi, izi nziti?”

“Amenewo ndi malonjezo,” adatero a Mvuu. “Ili ndi la a Njati, ili la a Chipembere, awa asanu ndi a wapampando. Pamsonkhano paja tidaomba m'manja kwambiri.”

“Oho,” adatero Nkhanu. “Dikirani pang'ono.”

Adatuluka, natola chigoba cha nkhono, nachipereka kwa a Njovu ndi manja awiri, atagwada.

“Ichi nchiyani?”

“Lonjezo la kansupa, gogo. Nunkhizani. Anzanga, tiombe m'manja.”

Kudambo konse kudaomba m'manja. A Njovu adayang'ana m'chigobamo. Mphuno inkawayabwa kuyambira masana, ndipo misozi inkatsika yokha.

“Aliyense amene dengu lake lili muno,” adabangula, “alidzaze dzuwa lisadapendeke! Ndiyamba ndine!”

Simudaonepo akuluakulu akuthamanga chotero. A Njati adataya nsapato. Madengu atadzaza, a Nyamalikiti adafunsa mwaulemu, koyamba m'moyo wawo.

“Nanga tigawa bwanji, mayi? Ine sindinayeze.”

“Tiyeni mukayeze. Koma muweramire.”

Adatsika nawo kudambo. Kuti mutu ufike pansi, a Nyamalikiti adayenera kutangadza miyendo yakutsogolo, uku ndi uku, pamaso pa ana onse. Ana adaseka mpaka kugubuduka. Koma mutu utafika pansi, a Nyamalikiti adaona zimene sadazione ali kuphiri. Adaona mafuwa atatu aang'ono ngati mtedza, opanda mphika. Adaona pamene padali khomo, ndi kanjira kochokera pakhomopo kupita pakhomo lina lomwe kulibenso. Nkhululu adaima pafupi ndi khutu lawo naimba nyimbo yonse kuyambira pachiyambi, dzina ndi dzina, ndipo a Nyamalikiti sadadzuke mpaka idatha. Pa mzere wovomera uja, akuti nawonso adavomera, motsitsa.

Adagawa motsata nyimbo. Wotchulidwa ankabwera, nalandira mbewu m'manja. Fuko ndi Chule adaima pamzere ngati wina aliyense, akukanganabe kuti ayambe ndani. Adabzala tsiku lomwelo mpaka manja adatupa, mbewu zina akuziponya m'ming'alu momwe, pamene pansi padali pakadali ponyowa. Munda wa kumtunda udali utauma kale, umenewo sadaupulumutse. Koma minda ya kumunsi idamera.

Mbewu yomaliza italowa m'nthaka, Nkhanu adapita kumtsinje, namira, nawerenga mpaka khumi kuti zioneke zovuta, natuluka ndi kansupa. A Njovu adakalandira. Adakatembenuza, nakatsegula. Fodya adali wouma bwinobwino.

Adamuyang'ana Nkhanu. Nkhanu adayang'ana nyerere imene inkadutsa.

“Madzi a masiku ano ngaulemu,” adatero a Njovu.

“Amasankha, gogo.”

A Njovu adaseka mpaka adakhala pansi. Kenako adatembenukira kwa Nkhululu.

“Iwe, mphika wa amako uja. Ndikugulira wina, waukulu.”

“Gulani, gogo, ndiphikira. Koma m'nyimbo sindiuchotsa. Wanu wabwerera, wanga sunabwerere.”

A Njovu adabweza kansupa kuseri kwa khutu osanunkhiza.

“Kwatsala nkhani imodzi,” adatero Nkhanu. “Mtambo uja ukadali ndi chifuwa. Makala aja mukuti bwanji?”

“Tisiya, mwana wanga. Tichita msonkhano. Ndikulonjeza.”

“Zikomo, gogo. A Mvuu, muli ndi dengu lina lopanda kanthu? Tisungiremo mawu amenewa.”

Dengu limenelo akuti likadali pakona mpaka lero, lovundikira bwino.

Nchifukwa chake Nkhululu amaimbabe dzuwa likamalowa, kuti dzina lililonse lisagwe m'nyimbo. Nchifukwa chake a Nyamalikiti akafika pamadzi amatangadza miyendo nkuwerama, ngakhale ana aseke. Ndipo Nkhanu, kuyambira tsiku limenelo, adaleka kuyenda cholunjika. Amayenda cham'mbali, diso limodzi kumtsinje, lina kuphiri kumene kukufukabe utsi.

Yathera pompa. Amene munaika mbatata paphulusa kaiphuleni, koma muyambe mwasuzumira ngati ilimodi, mwina munangolonjeza.